Msilikari, Mphunzitsi ndi Mlembi: Moyo wa Stephen Mpashi

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a m'midzi pa msonkhano wao ku Kabulonga, Lusaka

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anasenza mfuti pa nthawi ya nkhondo, naimanso pa bolodi ndi coko m'manja monga mucitira inu. Dzina lace ndi Stephen Andrea Mpashi, Mbemba wa ku Kasama, amene anabadwa m'caka ca 1920 namwalira m'caka ca 1998.

Anakhala ndi moyo zaka zoposa 75, ndipo m'zaka zimenezo ulamuliro wa dziko unasintha kangapo. Pamene iye anabadwa, Northern Rhodesia inali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, ndipo mu 1924 inalowa m'manja mwa Boma la Mangalande. Anaona masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963. Anaona mbendera ya Zambia ikukwezedwa pa 24 October 1964, ndipo mu 1991, pamene masankho a zipani zambiri anabwerera, anali akali moyo.

Maphunziro ace anawalandira pa seminale ya Lubushi, kwa ansembe a White Fathers. Sanakhale wansembe ai, koma zimene anaphunzira kumeneko sizinapite pacabe, pakuti anazigwiritsa nchito m'kalasi ndi m'mabuku.

Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse inabuka mu 1939, ndipo Mpashi anali mmodzi wa anyamata ambiri a dziko lino amene anabvala zobvala za usilikari. Gulu la asilikari la Northern Rhodesia Regiment linayenda kutali ndithu. Mu August 1940 linamenyana ndi Mataliyana pa Tug Argan, m'dziko la British Somaliland, pamene adani anali ocuruka kopambana. Mu 1944 asilikari a kuno, pamodzi ndi abale ao a ku Nyasaland a King's African Rifles, anali ku Burma kulimbana ndi Ajapani. Anapyola cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula yaikuru, m'matope ndi m'malungo, nafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, mu December caka comweco.

Maina amenewa akali pakati pa anthu kufikira lero. Mu Lusaka muno muli mseu wa Burma Road wopita ca ku Kabwata, ndi kampu ya asilikari ya Arakan. Ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ndipo ku Mzuzu m'Malawi kuli Moyale. Ana a sukulu amachula maina awa tsiku ndi tsiku, koma ndi angati adziwa kuti anagulidwa ndi mwazi wa makolo ao? Kulinso cinthu cina coyenera kucidziwa: cinenero ca asilikari ndi apolisi m'masiku amenewo cinali Cinyanja, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene Cinyanja cinamerera mizu mu Lusaka.

Asilikari ambiri atabwerako anakamba za nkhondo pa bwalo ndi pa moto madzulo, ndipo nkhani zao zinatsikira nao kumanda. Mpashi anacita mwina. Mu 1950 linaturuka buku lace la Cibemba lochedwa Cekesoni Aingila Ubusoja, ndiko kunena kuti Jackson alowa usilikari. Potero nkhani ya msilikari wa Ciafrika inafika m'manja mwa owerenga m'cinenero cao comwe, yolembedwa ndi munthu wodziwa moyo wa m'kampu.

Atasiya kalasi anagwira nchito mu Lusaka pa ofesi yoturutsa mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inatsegulidwa mu 1948 kuti ithandize Aafrika kulemba m'zinenero zao, Cinyanja comwe. Anapitanso kukaphunzira ku Exeter ku Mangalande. Analemba mabuku ena, monga Uwauma Nafyala la 1955 ndi Pano Calo, ndipo mu 1969 anaturutsa m'Cingelezi mbiri ya moyo wa Mai Betty Kaunda. Mabuku ace anawerengedwa m'masukulu, kotero kuti anaphunzitsa ana ambirimbiri amene sanaonepo nkhope yace.

Nchito imeneyi anaicita m'nthawi yobvuta. Sukulu za sekondale za kuno ku Kabulonga zinali kuchedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, ndipo zinali za ana a Azungu okha kufikira nthawi ya ufulu. Ana a Aafrika anayamba kulandira maphunziro a sekondale pa Munali mu 1939, ndipo pofika 1964 dziko lonse linali ndi Aafrika ngati 100 okha otsiriza maphunziro a pa yunivesite. Pa nthawi yotere buku limodzi la m'cinenero ca mwana linali cuma cacikuru.

Tsono cimene citsalira aphunzitsi a lero nciani? Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pakutha kwa nkhondo mu 1945, ngati akali moyo, wafika kale zaka 100. Otsala ndi owerengeka. Koma ana ao ndi adzukulu ao alipo m'midzi yanu, ndipo m'masutukesi akale muli mamendulo, zithunzi ndi makalata. Mphunzitsi atenge kope, akakhale pansi ndi banja lotere mwaulemu, alembe dzina la msilikariyo, mudzi wace, gulu limene analowa, maiko amene anafikako, ndi nchito imene anaigwira atabwera. Alembe m'cinenero ca eni nkhani, osakometsera, ndi kusiyanitsa zimene munthu anaona yekha ndi zimene anangomva. Kopelo lisungidwe m'kabati ya sukulu, ndipo mwezi wa November, pamene akuluakulu a dziko amaika maluwa pa cipilala ca cikumbutso pa Independence Avenue, ana aliwerenge m'kalasi.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Koma mau osalembedwa sacedwa kuiwalika. Aphunzitsi, pobwerera kumasukulu kwanu yambani nchitoyi teremu ino, eni nkhani akalipo.