Mwala wa ku Shinkolobwe ndi Chitini cha Bambo Anga

A Mfumu pamodzi ndi nduna zanu, a Wapampando a komiti ya msika uno, abusa ndi mashehe, aphunzitsi amene mwatsogolera ana athu kuno, inu osamalira zipilala ndi malo a mbiri ya dziko lino, ndiponso amayi ndi abambo amene mwavundikira malonda anu kanthawi kuti mumvere munthu wa imvi, landirani ulemu wanga nonsenu, ndipo ndikupempha bwalo kuti ndiyankhule.

Pamene anandiuza kuti ntchito yotumiza osamalira malo a mbiri kukaphunzitsa m'masukulu ndi m'misika idzayambira pano pa Msika wa Lilongwe, pakati pa madengu a usipa ndi milu ya tomato, pamene oitanira maminibasi ku depoti akumveka bwino lomwe, osati m'chipinda chozizira cha hotela ya ku City Centre, mtima wanga unakhala pansi. Pakuti nkhani imene ndabwera nayo ndi ya anthu wamba, amene anasenza katundu wa mafumu a dziko lapansi osauzidwa chimene chinali m'mtolomo.

Bambo anga, malemu, anali msilikali wa Keyala. Iwo anali m'gulu la anyamata a Nyasaland amene mu 1944 anatsika m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula yosakata, akulimbana ndi Ajapani kutsogolo, misundu m'miyendo, ndi malungo m'thupi. Atabwerako anasunga mamendulo awo m'chitini cha fodya, chokulungidwa m'kansalu kakhaki, ndipo chitinicho ankachitsegula kamodzikamodzi, mvula ikamagwa usiku. Ndimakumbukira chala chawo chachikulu chikupukuta dzimbiri pa mendulo imodzi, iwo akunena motsitsa mawu kuti nkhondo ija sanaimalize ndi mfuti zawo, koma kuti tsiku lina ali kumsasa anamva kuti bomba limodzi lokha lapsereza mzinda wathunthu, ndipo akulu a nkhondo anati basi, konzekani kubwerera kwanu. Anamwalira asakudziwa kuti moto umenewo unachokera m'nthaka ya Africa, kwa anansi athu a ku Congo.

Mverani, ana inu. Ku Katanga, pafupi ndi tauni ya Likasi, kuli mgodi wotchedwa Shinkolobwe, umene mwala wake wa yureniyamu unali wamphamvu koposa wa mgodi wina uliwonse wodziwika masiku amenewo. Mu 1940 mkulu wa kampani ya Abelijiyamu ya Union Minière, dzina lake Edgar Sengier, poopa kuti mwalawo ungagwe m'manja mwa Hitler, anatumiza matani oposa 1,000 pa sitima ya pamadzi kupita ku New York, kumene unakhala m'migolo m'nyumba yosungira katundu ku Staten Island kufikira asilikali a America anaugula mu 1942. Mwala umenewo, pamodzi ndi wina umene unatsatira pambuyo, ndiwo unali gawo lalikulu la yureniyamu imene anapangira mabomba a atomu oyambirira. Loyesera linaphulika m'chipululu cha New Mexico pa 16 Julayi 1945. Pa 6 Ogasiti linagwa la ku Hiroshima, ku Japan, kumene anthu ngati 140,000 anali atafa chaka chisanathe. Ndipo patangopita masiku atatu linagwa la ku Nagasaki. Amene anakumba mwalawo ndi kuusankha ndi manja awo anali anthu akuda onga ife, osavala chodzitetezera, osauzidwa kuti fumbi limene ankapuma limadya munthu m'kati mwakachetechete.

Ndipo si iwo okha amene anagwira ntchito mumdima. Ku Oak Ridge, mzinda wachinsinsi umene unamera ngati bowa m'dera la Tennessee n'kufika anthu ngati 75,000, atsikana ongotuluka kumene sukulu ankakhala pamipando tsiku lonse akupotokola timabatani ta makina, osadziwa kuti akusefa chiyani. Mu 2015 boma la America linasandutsa malo atatu a ntchito yopanga mabombayi, Oak Ridge, Los Alamos ndi Hanford, kukhala paki ya mbiri ya dziko. Ndipo alonda a pakiyo, ovala zipewa zawo zotambalala zija, sakhutira ndi kuima pachipata kudikira alendo, koma amapita m'makalasi ndi m'misonkhano ya anthu kukafotokoza za ntchitoyo ndi kuyankha mafunso a ana. Pamenepa ndi pamene ndikufuna kuti titengepo nzeru, pakuti akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Komabe ndinene mosabisa kuti nkhaniyi ikakambidwa kuchokera kutsidya kwa nyanja kokha, mkumbi wa ku Katanga ndi msilikali wa Keyala adzakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere, ngati adzatchulidwa n'komwe. Mbali imeneyo ndi yathu, ndipo palibe wina adzatikambira.

Wina angafunse kuti za ku Japan zikumukhudza bwanji mayi wogulitsa nyemba pa msika uno. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwala womwewo uli m'nthaka yathu, ku Kayelekera m'boma la Karonga, kumene mgodi unatsegulidwa mu 2009, ndipo ntchito inaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa pa misika ya kunja. Sindinabwere kudzanyoza mwalawo, ayi. Mphamvu ya atomu yomweyo imayatsa magetsi m'mayiko ena, ndipo madokotala amaotchera chotupa cha khansa. Chimene ndikupempha n'chakuti mwana wa Mmalawi, akadzakula n'kukhala mfumu, phungu kapena wogwira ntchito mu mgodi, adzadziwe chimene wanyamula, adzathe kufunsa kuti madzi a mumtsinje akutetezedwa bwanji ndi kuti mwalawo ukupita kwa yani, popeza safunsa anadya phula.

Tsono inu osamalira malo a mbiri, amene mumasesa ndi kulondera chipilala cha asilikali a nkhondo chija cha kufupi ndi Capital Hill, dziwani kuti ana ambiri amachiona ali m'basi, osadziwa kuti chinamangidwira agogo awo. Mukalowa m'kalasi, yankhulani Chichewa chomveka, ndipo musanatsegule buku funsani kuti ndani kwawo kuli chitini chonga cha bambo anga, kapena chithunzi cha agogo ovala yunifolomu, kapena gogo wamkazi amene akukumbukira tsiku limene amuna anabwerako. Mulembe zimene adzakuuzeni, pakuti asilikali eni ake atsala owerengeka ndi zala.

Chitini chija ndabwera nacho; chili apa pathebulo, ndipo ndikachoka pamalo pano ana abwere awiriawiri adzagwire mamendulowo ndi manja awo. Ndi mawu amenewa, a Mfumu ndi a Wapampando, ndikulengeza kuti ntchitoyi yatsegulidwa.