Mimba Sidikira Msika wa ku Chinkhoma

Ana anga, anthu avina, mphatso zaperekedwa, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali pompano kuti akhale mboni za zimene ndinene. Kuyambira lero tizikutchulani bambo ndi mayi ngakhale mwana sanabwere, ndiye nkhani yanga ikhala ya mwanayo. Sindikuti abwere chaka chino. Zimenezo mukambirana awiri, njira zolera zilipo kuchipatala. Koma akadzabwera adzapeza kuti kuno kwa Mwase ndalama imalowa m'nyumba kamodzi pachaka. Msika wa fodya ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo, miyezi ingapo watsekedwa, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zilibe kanthu. Mimba siidziwa zimenezi. Imafuna chakudya, ulendo wa kusikelo ndi mpumulo mwezi ndi mwezi, choncho amene amagwira ndalama ya mabelo ndi amene ayenera kuikonzekera. M'mabanja ambiri munthu ameneyo ndi mwamuna. Bambo, mawu ambiri agwera inu.

Mlimi wa fodya sachita kuuzidwa kuti m'mera mpoyamba. Amathirira nazale m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, chifukwa amadziwa kuti mbande yonyentchera siidzapereka tsamba labwino ngakhale aithire feteleza matumba angati. A zaumoyo amanena zomwezo za munthu: masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mimba yaima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiwo amaumba thupi ndi ubongo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira kukakhazikika m'zaka ziwirizo kumavuta kubweza. Chomvetsa chisoni n'chakuti Kasungu amalima mtedza, soya ndi nyemba, zakudya zenizeni zimene mayi woyembekezera ndi mwana amafuna, koma zimathera pa sikelo ya mavenda mwezi wokolola womwewo. Thumba limodzi la mtedza lizitsala m'nyumba, la nsinjiro za m'phala ndi m'ndiwo. Mazira nawo mayi azidya. Zoti mwana amabadwa wopanda tsitsi mayi akadya mazira, yang'anani ana a anamwino, onse ali ndi tsitsi lawo.

Wina anena kuti za mimba n'za amayi, mwamuna asalowerere, ndipo mimba yoyamba siyenera kudziwika anamkungwi asanachite chisamba. Chisamba chichitike, ndi ulemu wathu. Koma sikelo isadikire mwambo. Achipatala amafuna mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, ndipo masiku ano amalimbikitsa kuonana nawo kasanu ndi katatu asanachire. Kumeneko amayeza kuthamanga kwa magazi, amapereka mapiritsi owonjezera magazi, neti, ndi Fansidar woteteza ku malungo, njira imene Malawi anayamba mu 1993 mayiko ena asanaiyambe. Amayezanso kachilombo ka HIV, ndipo kuyambira 2011 mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba ma ARV pompo kuti mwana abadwe wopanda kachilombo. Tsono taganizani, mayi ayezedwe yekha, bambo ali kudimba osadziwa za magazi ake: mwatetezapo ndani? Pitani awiri ulendo woyamba. Anzanu akakusekani pabawo kuti mwadyetsedwa, asiyeni aseke. Mukamva nokha kuchokera kwa namwino kuti kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja, mutu wosaleka ndiponso kusiya kugunda kwa mwana ndi zizindikiro zothamanga nazo usiku womwewo, simudzayamba mwatumiza mwana kukafunsa maganizo kwa amalume kutsidya.

Palinso mawu amene ndikudziwa kuti ena mwa okhala pano ali nawo mumtima: makolo athu ankachilira m'nyumba, ifeyo tinabadwira pamphasa, bwanji tili moyo? Zoona, koma olankhula ndi amene anapulumuka. Mu 2004, amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo m'dziko muno. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, mafumu anayamba kulipiritsa ochilira pakhomo, ndipo pofika 2016 amayi 9 mwa 10 ankachilira kuchipatala, imfazo zitatsika kufika pa 439. Zifukwa zake n'zingapo, koma chachikulu n'chakuti mayi wotaya magazi atachira angathe kutisiya m'maola awiri okha, ndipo mzamba, ngakhale waluso chotani, alibe magazi oti amupatse kapena chipinda cha opaleshoni. Sindibisa kuti kuchipatala nthawi zina mankhwala amasowa, mzere umatalika, ndipo pena mumalandiridwa ndi mawu owawa. Koma mawu owawa amapola. Chimene sichipola ndi chiberekero chong'ambika chifukwa cha mwanamphepo, mankhwala aja ena amamwetsa mayi mobisa kuti matenda afulumire. Apongozi, mbali zonse ziwiri, chikho chimenecho chisafike pakamwa pa mayi uyu.

Mudzati chipatala cha boma n'chaulere, ndalama n'zachiyani. Bedi n'laulere, koma njinga yamoto yopita ku Kasungu pakati pa usiku, mvula itawononga msewu, si yaulere. Zitenje, beseni, pepala lapulasitiki, sopo, ufa ndi nkhuni za wodikirira, zonsezi zimatuluka m'thumba mwanu. Mwezi ukayandikira, makamaka ngati ndi dzinja, mayi apite kuchidikiro akakhale pafupi ndi anamwino. Ndiye tsiku limene ndalama ya fodya yalowa kubanki, musanaganize za malata kapena foni yatsopano, patulani ya mimba, ndipo mayi adziwe pamene ili.

Mfundo imene ambiri saitchula paukwati ndi ya munda weniweniwo. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula limalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu. Chizungulire ndi nseru zimene othyola fodya amamva zimachokera pamenepo. Mayi woyembekezera asathyole fodya wonyowa, asapopere mankhwala, asachape zovala zopoperera, ndipo khanda lisagonekedwe m'chigafa pamene akuluakulu akusoka kapena kusankha fodya m'fumbi lija. Mufunsa kuti nanga ntchito agwira ndani, poti Febuluwale ndiye mwezi wa manja ochepa. Funso lake n'loona, ndipo yankho lake ndi ndalama yomwe ija: waganyu wa nyengo yothyola mumuwerengere limodzi ndi feteleza, kapena chaka chimenecho muchepetse mizere.

Tsopano inu mayi. Mwana akabadwa ayamwe mu ola loyamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, ndiwo chitetezo chake. Miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha, opanda madzi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala a zitsamba, ngakhale agogo anene kuti mwana akulira ndi ludzu. Pamchombo pasapakidwe china chilichonse kupatula chimene achipatala apereka. Ikatha miyeziyo phala likhale lolimba, la nsinjiro kapena soya, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri. Liwombo likalowa mwana akutsegula m'mimba, madzi atha m'thupi: sungunulani Thanzi, yamwitsani, thamangani kuchipatala. Mlandu wa tsempho, woti ndani wadumpha mwana, wachedwetsa ana ambiri pakhomo akuluakulu akuloza zala. Ngati pali zokambirana, mudzakambirane mwana atalandira kale thandizo, ndipo bambo ndi amene anyamule buku la kusikelo.

Ankhoswe, mwamva nonse. Mwambo unakupatsani mphamvu yolowa m'nyumba iyi pakakhala mkangano. Ndikupempha kuti mulowenso pakakhala mimba, msika ukangotsekedwa, mufunse bamboyu ngati ya njinga yamoto yapatulidwa ndiponso ngati thumba la mtedza lija lidakalipo.