Nkhondo ya 1914: Mmene America Analowera m'Ndeu ya Eni Ake

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu 1914, koma nkhuni zake zinaunjikidwa kwa zaka zambiri. Maiko a ku Ulaya anali kulimbirana maiko a eni ake mu Africa ndi kwina. Germany ndi Britain anali kupikisana pomanga zombo zankhondo. Ndiponso maiko amenewa anagawikana m'magulu awiri a mapangano: Germany ndi Austria-Hungary mbali ina, France, Russia ndi Britain mbali inayo.

Moto unayaka pa 28 June 1914, pamene mnyamata wacisebiya, Gavrilo Princip, anapha Franz Ferdinand, woyembekezera ufumu wa Austria-Hungary, mu mzinda wa Sarajevo. Patapita mwezi umodzi Austria-Hungary anathira nkhondo Serbia. Russia anaikira kumbuyo Serbia, Germany anaikira kumbuyo Austria-Hungary, ndipo pa 4 August, asilikali a Germany atalowa mu Belgium, Britain nayenso anatenga zida.

Kutsidya kwa nyanja, Pulezidenti Woodrow Wilson analengeza kuti America sadzaima mbali iriyonse. Mau anali otero, koma malonda anatenga njira ina. Zombo za Britain zinatseka njira za panyanja zopita ku Germany, motero tirigu ndi zida za ku America zinali kugulidwa ndi Britain ndi France. Ndalama za ogulawo zitacepa, mabanki a ku America anayamba kuwakongoza. Mu 1915 banki ya J.P. Morgan inakonza ngongole ya madola 500 miliyoni, ndipo pofika 1917 ngongole zonse zinapitirira madola 2,000 miliyoni. Kodi munthu amene wabwereketsa ng'ombe zake angakhale cete poona khola la wobwerekayo likupsa?

Germany anaona kuti katundu ameneyu ndiye anali kulimbitsa adani ake, ndipo anatuma zombo zoyenda pansi pa madzi kuti zizimiza zombo zamalonda. Pa 7 May 1915 anamiza Lusitania, combo ca Britain conyamula apaulendo. Anafa anthu pafupifupi 1,200, ndipo 128 mwa iwo anali nzika za America. Wilson anadzudzula zolimba, koma sanalowe nkhondo.

Zinthu zinafika poipa mu 1917. Pa 1 February Germany anayamba kumiza combo ciriconse copita ku Britain popanda cenjezo. Kenaka kunaululika uthenga wacinsinsi wa nduna ya Germany, Arthur Zimmermann, wolonjeza Mexico kuti akathandiza Germany adzabwezeredwa Texas, New Mexico ndi Arizona. Pa 6 April 1917 America analowa nkhondo, ndipo asilikali ake oposa 100,000 anataya moyo. Kumenyana kunaleka pa 11 November 1918, ngakhale kuti kuno kwathu asilikali a Germany anatula zida pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala.

Phunziro lake ndi ili, abale ndi alongo: kusaima mbali sikutheka ndi cilengezo cokha. Dziko limene msika wake ndi ngongole zake zapendekera kumodzi lasankha kale mbali, ngakhale atsogoleri ake akane. America analowa nkhondo mu 1917, koma njira yopita kunkhondoko inalambulidwa ndi malonda kuyambira 1914.