Vitamini A ndi Kakulidwe ka Ana: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Chitukuko



Mwana akayamba kupunthwa dzuwa likangolowa, kapena kufufuza mbale ndi manja madzulo pamene anzake akuiona bwinobwino, thupi lake limakhala litasowa vitamini A kwa nthawi yaitali. Maso amangoulula vuto limene linayamba kale. Mwana wotere amapinimbira, amadwaladwala, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamugwira zimamufooketsa kwambiri, mwina mpaka kumupha.

Dziko la Malawi lapita patsogolo pa nkhondo imeneyi. Kafukufuku wa boma wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 pa 100 alionse ankasowa vitaminiyu, koma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza ana 4 okha pa 100. Zina mwa zimene zinathandiza ndi vitamini A amene amaikidwa mu shuga ndi mafuta ophikira kufakitale, komanso makapisozi a kusikelo.

Chimene chikudetsa nkhawa khonsolo n'chakuti makolo ambiri amaleka kupita kusikelo mwana akangomaliza katemera. Komatu kapisozi ayenera kulandiridwa miyezi 6 iliyonse, kuyambira pamene mwana wakwanitsa miyezi 6 mpaka zaka 5. Wosakwana chaka amalandira wabuluu, wopitirira chaka wofiira, ndipo salipiritsa.

Kapisozi amabwera kawiri pachaka, koma mwana amadya tsiku ndi tsiku. Miyezi 6 yoyambirira, bere lokha limamukwanira. Akayamba phala, lisakhale la ufa ndi madzi basi. Bonongwe, chisoso, nkhwani, maungu, mango, mapapaya, mazira ndi chiwindi zili ndi vitaminiyu. Chimodzimodzinso mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, imene mbewu yake alangizi a zaulimi angathe kulozera kumene ikupezeka.

Kaphikidwe nakonso n'kofunika. Vitamini A amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta, choncho ndiwo zamasamba zitenderedwe ndi nsinjiro kapena zithiridwe kamafuta, ndipo zisapse mopitirira. Mfutso uyanikidwe pamthunzi, pakuti dzuwa limawononga vitaminiyu, ndipo banja limadzadya masamba opanda mphamvu m'chilimwe.

Khonsolo ikupempha mafumu kuti azilengeza masiku a sikelo m'midzi mwawo, ndiponso makomiti a chitukuko kuti alimbikitse banja lililonse kukhala ndi kadimba, mtengo wa papaya ndi mizere ingapo ya mbatata yofiira. Abambo nawonso atsegule buku la kuchipatala la mwana wawo ndi kuona tsiku limene analandira kapisozi komaliza. Ngati papita miyezi yoposa 6, mwanayo apite kusikelo mwezi uno. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.