Pogona pa ulendo wa mabanja atatu opita ku Gold Reef City

Nkhani ya masheya a gulu lathu tatseka, ndipo a msungichuma abweza kale makiyi a bokosi kwa eni ake. Yatsalayi ndi ija munandipempha mwezi watha. Mabanja atatu a gulu lino ana awo ali kuJoni awaitana kuti mu Disembala mukawaone, ndipo akuti tsiku limodzi mukasangalatse ana ku Gold Reef City. Za basi mukudziwa kale: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, kenako Beitbridge, ulendo woposa tsiku lathunthu mpaka kutsikira pa Park Station. Mapasipoti ndamva kuti alipo. Koma nditafunsa kuti mukagona kuti, nonse munayang'ana pansi. Enanu amene simukupita mverani ndithu, poti zomwezi zidzakupezani tsiku lopita kunyanja kapena ku ukwati wakutali.

Malo a Gold Reef City ali chakummwera kwa mzinda wa Johannesburg, dera la Ormonde, ndipo anawamanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines umene unatsekedwa mu 1971. Ndikuona agogo apo akugwedeza mutu. Inde, ndi migodi yomweyo imene achikulire athu ankapitako pa Wenela, mpaka pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu n'kuimitsa zotumiza anthu. Lero alendo amatsitsidwa pansi kukaona mmene anthu ankakumbira, pamwamba pali makatungwe ndi tisitima tothamanga ngati Anaconda, ndipo pafupi pomwepo pali Apartheid Museum. Agogo akapite nawo, akawalozere adzukulu.

Tsono pogona. Ganizo loyamba la aliyense ndi lakuti tikafikira kwa mwana wathu. Amayi, mwana wanu uja akamakutumizirani chithunzi ataimirira pa geti lokongola, geti limenelo ndi la abwana ake. Iye amagona kachipinda ka kuseri, bedi limodzi, sitovu pambali pa chitseko, bafa amagawana ndi anzake ena obwereka. Mwininyumba amawerenga mitu yolowa, chifukwa madzi ndi magetsi amalipira. Inu mwawerengana kuti mulipo 14. Mwanayo sangakukanizeni, ndinu makolo, koma mukadzachoka iye adzatsala ndi mlandu, mwina kuuzidwa kuti asamuke. Mlendo ndi mame, koma mame a anthu 14 m'chipinda chimodzi ndi chigumula. Mpempheni kuti akuthandizeni kufufuza malo, osati kukusungani.

Malo ake alipo mitundu iwiri imene mungaikwanitse. Pali nyumba zogona alendo zolipira pa chipinda, ngati ma resitihausi athu, ndipo pali nyumba yathunthu yobwereka masiku ochepa, yokhala ndi khitchini, mapoto ndi firiji, yoti mumadziphikira nokha. Ine ndikukankhirani ku yachiwiriyi, ndipo chifukwa chake ndi mimba. Kugulira anthu 14 chakudya chophikaphika katatu pa tsiku, masiku atatu, kumadya ndalama zoposa za pogona. Ufa wa chimanga kumeneko uli m'sitolo iliyonse, kabichi, mazira ndi nkhuku zilipo. Mthiko nyamulani wanu, sulemera.

Tiyeni tiwerenge. A mlembi, lembani pa bolodi, ndipo mitengo iyi ndikungoyerekeza kuti tione njira yowerengera, yeniyeni mukaifunse. Tinene kuti mwapeza nyumba yapafupi ndi malo amasewerawo pa 2,100 randi usiku umodzi. Ina ili kutali, kutsidya lina la mzinda, pa 1,400. Aliyense pano dzanja lathamangira ya 1,400, si choncho? Dikirani. Galimoto zoitana pa foni ngati Uber ndi Bolt zambiri zimanyamula anthu anayi. Anthu 14 ndi galimoto zinayi. Ngati kuchokera kutaliko galimoto imodzi ndi 200, kupita ndi kubwera zinayizo zadya 1,600. Phatikizani: 3,000. Yapafupi ija, galimoto imodzi ikhale 50, zonse 400, pamodzi 2,500. Pa tsiku la kumasewera, nyumba imene inkaoneka yodula yasanduka yotchipa, ndipo simunadzutse ana mdima ulipo. Mtengo wolembedwa pa chithunzi ndi theka la nkhani. Muwerenge pogona, mayendedwe ndi chakudya pamodzi, ndiye mugawe pa mutu uliwonse.

Pogawapo ndi pamene ndikufuna tichedwe, chifukwa maulendo a pamodzi amafera pamenepa. Banja lina mulipo atatu, lina asanu, lina asanu ndi mmodzi. Mukati banja lililonse lipereke mofanana, a atatu aja sadzayankhula pano, adzayankhulira m'basi pobwerera, ndipo nkhaniyo idzafika ku bwalo la a Gulupu. Ndinazionapo ku gulu lina kumene ndinkagwira ntchito kale. Anapita bwinobwino akuimba, koma atabwerako amayi awiri anakhala chaka osabwerekana ngakhale sefa, chifukwa cha chipinda chimodzi chokhala ndi bafa lakelake chimene wina anangolowamo n'kuika chikwama.

Njira yanga ndi ya njere za chimanga. Bweretsani lichero lija. Wamkulu aliyense njere ziwiri, mwana njere imodzi. Akuluakulu mulipo 7, ndiye njere 14, ana 7, njere 7. Zonse 21. Nyumba ya 2,100 ija, njere imodzi ndi 100 randi pa usiku. Banja lililonse liwerenge njere zake pamaso pa anzake, lidziwe zake. Wakhanda wa kumsana musamuwerengere. Za zipinda mugwirizanenso konkuno: chapansi chopanda masitepe ndi cha agogo, atsikana osinkhuka agone ndi amayi, anyamata pabalaza pa matiresi ngati mwininyumba walola. Ndipo mufunse mabafa ndi zimbudzi kuti zilipo zingati. Anthu amafunsa mabedi okha, n'kuiwala kuti m'mawa anthu 14 pa chimbudzi chimodzi ndi mzere wa kuchigayo.

Mwininyumba muuzeni chiwerengero chenicheni. Tili ndi chizolowezi chonena kuti tilipo asanu ndi atatu, enawo n'kumalowa madzulo mmodzimmodzi ngati nkhuku. Kumeneko mageti ambiri ali ndi alonda kapena makamera, ndipo akhoza kukutulutsani usiku, ndalama osabweza.

China ndi dipoziti. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu amene amaika zithunzi za nyumba zosakhala zawo, n'kumati tumizani theka lero chifukwa ena akuifuna. Disembala ndi nyengo yawo yokolola, poti sukulu zatseka ndipo malo amadzazadi. Apa ndiye ntchito ya mwana wanu uja. Apite yekha pa adiresiyo, alowe, atsegule mpopi aone ngati madzi otentha akutuluka, ayatse sitovu, aone loko wa pa geti, aonenso msewuwo kuti dzuwa likalowa umakhala bwanji. Afunse kuti magetsi akazima amachita chiyani, chifukwa nakonso amazima. Akakhutira, ndiye ndalama ichoke, ndipo pakhale resiti yolembapo masiku, chiwerengero cha anthu, ndi zimene zichitike mukalephera kufika. Chomalizachi musachidumphe. Pa Beitbridge mu Disembala basi ikhoza kuima maola ambiri, inu n'kufika tsiku lotsatira. Ndiye tsiku la kumasewera musaliike mawa lake la tsiku lofika, siyani tsiku limodzi pakati.

Musanalipire nyumba, tsimikizani kaye kuti pa masiku amenewo malo amasewerawo ndi otsegula, poti sakhala otsegula tsiku lililonse chaka chonse. Anawo muwayezenso pa khoma konkuno, chifukwa masewera akuluakulu amalola potengera kutalika kwa mwana, osati zaka zake. Wamfupi asakalire pa mzere mutalipira kale.

Abambo apo akufunsa ngati ndalama ya ulendo ingachokere mu ngongole ya bokosi. Yankho langa ndi ayi. Ngongole ya muno ndi ya geni yobweza phindu, ndipo Disembala yemweyo feteleza wobereketsa akukudikirani kumunda. Za ulendo zichokere pa zimene mugawane, mutachotsa kaye za kumunda ndi fizi ya Januwale. Zikapanda kukwana masiku atatu, gonani awiri.

Lachinayi likudzali mabanja atatunu mubwere ndi malo atatu amene ana anu awaona ndi maso, aliwonse ndi mtengo wake, mabafa ake ndi mtunda wake kukafika ku Ormonde. A mlembi, bolodilo musafufute, tidzalowetsa mitengo yeniyeni m'malo mwa yanga yongoyerekezayi. A Gulupu, ine ndathera pamenepa, bwalo ndi lanu.