Phokoso Lofooka la Mfuti Ndilo Loopsa

Pa 31 Malichi 1993, mumzinda wa Wilmington ku North Carolina, dziko la Amereka, mnyamata wa zaka 28 dzina lake Brandon Lee, mwana wa katswiri wa kanema Bruce Lee, adaomberedwa pamimba pamene ankajambula kanema wotchedwa The Crow, ndipo adamwalira tsiku lomwelo. Palibe amene adafuna kumupha. Masiku angapo m'mbuyomo, ogwira ntchito adatenga zipolopolo zenizeni nachotsamo wonga kuti zikhale zongoonetsa, koma adasiya kachitsulo kakumatako kamene kamayatsa wongawo. Mfutiyo itakhethemulidwa, mphamvu yochepa ya kachitsuloko idakankha mutu wa chipolopolo mpaka kukatsakamira mumpope. Pambuyo pake adaikamo chipolopolo chongolira chopanda mutu, osasuzumira mumpopemo, ndipo wonga wake udatulutsa mutu wotsakamira uja ngati kuombera kwenikweni.

Mfuti ya tsikulo idali ya mtundu wa revolver, komabe phunziro lake likhudza kwambiri eni mfuti zazing'ono zam'manja zimene zimadziloŵetsera zokha chipolopolo china zikangolira, makamaka iwo amene amaombera zipolopolo zodzazidwanso pamanja.

Ku Amereka, ku South Africa ndi m'maiko ena kumene kuombera chandamale ndi maseŵera, anthu ambiri satayanso zigoba zamkuwa akaombera. Amazitola, nazitsuka, naikamo kachitsulo koyatsira katsopano, wonga ndi mutu wina. Ku South Africa lamulo la mfuti la m'chaka cha 2000 limalola munthu wokhala ndi chiphaso kudzazira mfuti yake zipolopolo motere. Chifukwa chake n'chodziŵika: amene amapikisana m'bungwe la IPSC, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ku Columbia, Missouri, amatha zipolopolo zambiri pophunzira, ndipo zakusitolo zimadya ndalama.

Tsono vuto lagona pa kapangidwe ka mfutizi. Mfuti monga Colt M1911, imene adaikonza John Browning, kapena zija zodya zipolopolo za 9mm zimene adayambitsa Georg Luger kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, zimagwira ntchito ndi mphamvu ya chipolopolo chomwecho. Chikalira, chitsulo chapamwamba chimabwerera m'mbuyo, chimataya chigoba chakale, kenaka sipuling'i imachikankhira kutsogolo chitanyamula chipolopolo china. Wonga ukachepa, chitsulocho sichifika kumapeto, ndipo chigoba chimapanikizika pakhomo potulukira. Chigoba chikakhala chotupa chifukwa chogwiritsidwa ntchito kambirimbiri, kapena mutu ukatalika kuposa muyeso, chipolopolo chimakana kuloŵa bwino. Kachitsulo koyatsira kakapanda kukhala pansi penipeni, mfuti imangoti kethe, osalira.

Zonsezi n'zokhumudwitsa, koma zoopsa zenizeni zilipo zitatu. Choyamba ndi chipolopolo chopanda wonga kapena cha wonga wochepa zedi, monga chija cha ku Wilmington. Chimalira mofooka, mfuti siikankha dzanja monga mwa masiku onse, ndipo mutu umatsala mumpope. Amene adazoloŵera kumenya mosungira zipolopolo, kukoka chitsulo chapamwamba ndi kuomberanso mofulumira, amatumiza chipolopolo chamoyo pa njira yotsekeka. Mpope umatupa kapena kuphulika. Chachiŵiri ndi chipolopolo chochedwa kulira, chimene chimaphulika patapita kamphindi woombera ataganiza kale kuti chafa. Chachitatu ndi wonga wothiridwa kaŵiri m'chigoba chimodzi. Ichi sichipereka chenjezo: chigoba chimang'ambika, mpweya wamoto umatsikira m'chigwiriro, ndipo dzanja ndi maso ndizo zimalipira.

Aphunzitsi a zoombera amagwirizana pa zoyenera kuchita. Mfuti ikakana kulira, woombera asachotse kamwa yake ku chandamale, ndipo adikire masekondi osachepera 30 asanaitsegule, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikalira mosiyana ndi nthaŵi zonse, aleke pomwepo, achotse mosungira zipolopolo, atulutse chimene chili m'kati, naonetsetse kuti mpope uli mbee. Mutu ukapezeka utatsakamira, sauchotsa poombera chipolopolo china. Ntchitoyo ndi ya mmisiri wa mfuti. Pofuna kudziŵa ngati cholakwa chili ndi mfuti kapena zipolopolo, ayeretse mfutiyo, ayese mosungira zipolopolo mwina, kenaka aombere zakufakitale. Zikayenda bwino, mlandu wagwera zodzazidwanso, ndipo gulu lonselo liikidwe padera, chifukwa dzanja limene lidalakwitsa chimodzi likhoza kukhala litalakwitsanso zina.

Mabungwe aŵiri, la SAAMI la ku Amereka la m'chaka cha 1926 ndi la CIP la ku Ulaya la m'chaka cha 1914, ndiwo amaika miyeso ya kukula ndi mphamvu ya zipolopolo. Zakufakitale zimayesedwa motsata miyesoyi, pamene zapamanja zimangodalira maso ndi chikumbumtima cha wodzazayo. N'chifukwa chake makampani ambiri opanga mfuti, monga Glock ya ku Austria, amachenjeza ogula kuti asaombere zodzazidwanso, ndipo savomera mlandu mfuti ikaonongeka nazo. N'chifukwa chakenso akatswiri amakana zipolopolo zodzazidwa ndi munthu wina, ngakhale bwenzi, ndipo amene moyo wake umadalira mfuti, monga wapolisi kapena mlonda, amanyamula zakufakitale zokha.

Ndalama zopulumutsidwa pa chigoba chakale n'zochepa poyerekeza ndi chala kapena diso. Ku Wilmington kudasoŵa munthu mmodzi yekha woti atsegule mfuti ndi kusuzumira mumpope.