Thalakitala yatsopano ikamatentha potchetcha udzu: tiyambire pati?



Lero tikambirana za thalakitala yaing'ono ya gulu, imene mwaisonkhera ndalama za mpunga wa Kilombero zaka ziwiri. Sabata yatha, potchetcha udzu wosungira ng'ombe, singano yoonetsa kutentha kwa injini inafika pofiira ola limodzi lisanathe. Ndamva maganizo atatu. Ena mukuti anatigulitsa yowonongeka, ibwezedwe. Ena mukuti mnyamata woyendetsa sadziwa ntchito. Ena mwapeza kale makaniko amene akuti akachotsa themositati vuto litha.

Pempho langa ndi lakuti sipanala isakhudze injiniyi tisanachite zomwe timachita m'munda sabata iliyonse: kuona kaye, kukambirana, kenako n'kumanga mfundo. Sukulu za m'munda zinayamba ku Indonesia mu 1989, pamene alimi a mpunga ngati ife anaphunzira kuyendera munda asanathamangire kupopera mankhwala. Injini nayo tiiyendere chimodzimodzi.

Injini imazizira bwanji?

Dizilo akamayaka amatulutsa kutentha kwambiri. Madzi amazungulira m'kati mwa injini, n'kunyamula kutenthako kupita nako ku rediyeta. Fani imakoka mphepo kudutsa m'timipata ta rediyeta, mphepoyo n'kuziziritsa madziwo. Injini ikakhala bwino, madzi ake amakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Ndiye ikatentha mopitirira, kawirikawiri chimodzi mwa zitatu izi chachitika: mphepo sikudutsa, madzi achepa kapena sakuzungulira, kapena injini yasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake.

Potchetcha, mphuno ya thalakitala imalowa m'udzu wautali. Njere za udzu, timasamba touma ndi fumbi zimauluka, fani n'kuzikokera zonse pa rediyeta. Zimamatirira ngati bulangete. Onjezanipo dzuwa lathu la kunyanja kuno ku Karonga, muona chifukwa chake thalakitala imene imakoka ngolo tsiku lonse popanda vuto imatha kutentha m'udzu ngakhale ili yatsopano.

Singano ikafika pofiira

Zimitsani shafiti yozungulitsa makina otchetchera, amene aja timati PTO. Tulukani m'udzu muime pamalo oyera, chifukwa paipi yotulutsa utsi ikhoza kuyatsa udzu wouma. Musazimitse injini nthawi yomweyo. Isiyeni ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kuti fani ndi madzi zipitirize kuiziziritsa. Koma mukaona nthunzi, madzi akuchucha pansi, lamba wa fani waduka, kapena nyali ya oyilo yayaka, zimitsani pompo.

Chivindikiro cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika, ndipo amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Dikirani mpaka mutha kugwira rediyeta ndi dzanja. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, chitsulo chake chikhoza kung'aluka.

Zoyang'ana, kuyambira zosafuna ndalama

Choyamba, sefa wa kutsogolo ndi rediyeta. Injini itazimitsidwa ndipo kiyi ali m'thumba, solorani sefa wa waya amene ali patsogolo pa rediyeta, mumukutumule. Musalekere pamenepo. Walitsani tochi kuchokera mbali ya injini, mnzanu ayang'ane kutsogolo. Pamene kuwala sikukudutsa, mphepo nayonso sikudutsa. Tsukani kuchokera mbali ya injini kupita kunja, kuti zinyalala zibwerere njira imene zinalowera. Sipuleya yotsukidwa bwino, yokhala ndi madzi oyera, imathandiza. Waya kapena msomali ayi, chifukwa timipata timeneti ndi tofewa ndipo timapindika. Rediyeta iume musanabwerere m'udzu, apo ayi fumbi lisanduka matope.

Chachiwiri, madzi. Yang'anani m'mawa injini isanalizidwe. M'kabotolo ka pambali madzi akhale pakati pa mizere iwiri. Pa thalakitala yatsopano amatha kutsika pang'ono masiku oyamba, ndipo zomangira mapaipi zimatha kukhwefuka. Wonjezerani madzi a mankhwala amene buku la thalakitala likunena. Akasowa, thirani madzi a mvula osefa bwino. A mu ngalande ya sikimu ali ndi matope, ndipo a pa mjigo nthawi zambiri amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo. Zonsezi zimatseka rediyeta m'kati, mmene dzanja silifika.

Chachitatu, lamba wa fani. Lamba watsopano amatamuka. Mudinikize pakati ndi chala chachikulu. Alowe pafupifupi sentimita imodzi yokha. Akalowa kwambiri ndiye kuti akuterera, fani ndi pampu ya madzi sizikuzungulira mokwanira.

Chachinayi, sefa wa mpweya ndi oyilo. Sefa akatsekeka injini imabanika, imafooka ndi kutulutsa utsi wakuda. Oyilo akachepa zitsulo zimakhuzana n'kumatentha. Buku la mathalakitala ambiri aang'ono limati oyilo woyamba asinthidwe pa maola 50. Tiwerenge pa wotchi ya thalakitala yathu tione pamene tafika.

Kayendetsedwe

Apa ndikufuna tinene chilungamo. Makina otchetchera anapangidwa kuti shafiti izizungulira maulendo 540 pa mphindi, ndipo pa geji ya injini pali chizindikiro chake. Ambiri amaganiza kuti kuchepetsa moto n'kuyenda pa giya yaikulu kumapulumutsa dizilo. Zikatero injini imabuula, fani imazungulira pang'onopang'ono pamene katundu wachuluka, kutentha n'kukwera. Choyenera ndi kukweza moto kufika pa chizindikiro chija, n'kuyenda pa giya yaing'ono.

Udzu ukakhala wautali ndi wothithikana, kwezani makina mudule pamwamba kaye, mubwerezenso kachiwiri mutatsitsa. Kapena dulani theka la m'lifupi mwa makina pa ulendo uliwonse. Mipeni ikhale yakuthwa, ndipo udzu wokulungana pa shafiti uchotsedwe injini itazimitsidwa. Thalakitala ya mahosipawa 25 imakwanitsa makina a mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi. Obwereka kwa eni mathalakitala akuluakulu amailemera. Yambani ntchito m'mamawa, mupume dzuwa likafika paliwombo.

Tisanaloze chala woyendetsa, tikumbuke kuti gulu linagwirizana zomulipira pa ekala. Munthu wolipidwa pa ekala amathamanga, ndipo kuima kuti akutumule sefa kumamudyera ndalama. Ngati tikufuna aziima ola lililonse, malipiro ake tiwaonenso.

Nthawi yoitana amene anatigulitsa

Tikachita zonsezi koma singano n'kumakwerabe popanda katundu, vuto lili m'kati. Zizindikiro zina ndi izi: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, thovu losatha m'madzi a rediyeta, utsi woyera wosaleka injini itatentha kale, ndi madzi otsika tsiku ndi tsiku popanda podontha. Mukaona chimodzi mwa izi, thalakitala iime. Alembi alembe tsiku, maola a pa wotchi ndi zomwe zaoneka, ajambule ndi foni, ndipo a pampando aimbire amene anatigulitsa.

Za kuchotsa themositati ndikukana. Kachipangizo kameneka kamatsegula njira ya madzi injini ikafika pa kutentha koyenera. Kukachotsa sikutsegula rediyeta yotsekeka ndi udzu, kumangobisa vuto. Komanso thalakitala idakali pa waranti. Munthu wosavomerezeka akaimasula, wogulitsa akhoza kukana kuikonza mwaulere. Pamenepo ndalama zogulira zipangizo ndi zoyendera ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 200, zichoka m'thumba la gulu, nthawi yokonza minda ili pafupi.

Ntchito ya lero

Dzulo madzulo ndinasuzumira kutsogolo kwa thalakitala yathu, koma zomwe ndinaona sindinena. Mukazione nokha. Tigawike m'magulu anayi: la sefa ndi rediyeta, la madzi, la lamba ndi oyilo, ndi la makina otchetchera. Gulu lililonse lijambule papepala zomwe lapeza, lifotokozere anzawo. Kenako titsuka rediyeta, titchetcha kwa mphindi 30 pa giya yaing'ono, wina akulemba pamene singano ili mphindi zisanu zilizonse.

Tisanabalalike tigwirizane zinthu zitatu: ndani aziyang'ana madzi, oyilo ndi lamba m'mawa uliwonse, kabuku ka maola kazisungidwa ndi yani, ndipo woyendetsa azilipidwa motani. Amayi, pa magulu anayi aja musatsalire m'mbuyo, ndalama zogulira thalakitalayi munasonkha nawo.

Amene ali ndi tochi atsogole.